Nsapato ya suede muziitembenuza musanalipire

Amuna ambiri akagwira nsapato ya suede yopanda zingwe pa salaula mumsika wa Lundazi amangoisisita pamwamba, akamva kufewa basi ndalama yatuluka. Ine ndimayamba ndaitembenuza. Ubwino wa nsapato imeneyi uli pansi ndi kuchidendene, komwe ogula amayang'ana zinthu zitavuta kale.

Suede ndi chikopa chenicheni, koma mbali yamkati, yopalidwa mpaka kutuluka tiubweya. N'chifukwa chake phazi limapumamo ngakhale mu Okutobala. Zatsopano zambiri zotchipa za m'mashopu ndi nsalu yomatidwa pa pulasitiki. Yang'anani m'mphepete mwa lilime, pomwe anadula: chikopa chimakhala chimodzimodzi pamwamba mpaka pansi, chabodza chimaonetsa ulusi kapena siponji pakati. Inunkhizeninso, manyazi asiyeni kunyumba.

Nkhani yaikulu ndi soli. Nsapato zotchuka za mtundu umenewu anazipangira malo ena. Kampani ya Gucci inatulutsa yake ya kachitsulo pamwamba mu 1953, ya soli yachikopa yopyapyala, yoyendera pansi posalala. Kampani ya Tod's inatchuka ndi ya timphira tating'onoting'ono pansi, ya munthu woyendetsa galimoto. Nanga ife? Mwamuna wa kuno amatsika basi yochokera ku Chipata, makilomita pafupifupi 180, n'kukwera njinga yamoto, kwotsalako n'kumaliza wapansi pamiyala. Timphira tija tikalala, chikopa chenichenicho chimayamba kukhuta dothi, ndipo palibe chokonza. Yabwino kuno ndi ya soli yamphira, yokhuthala pang'ono, yosokedwa. Tsegulani pang'ono m'mbali ndi chala, muone ngati ulusi ukulowadi m'soli, chifukwa ena amangojambula msoko pa mphira kuti atipusitse. Yosokedwa ikatha pansi, wosoka nsapato wa pakhonde la shopu amaiika soli ina. Yaguluu mvula yoyamba ikangogwa imayasama kutsogolo ngati mlamba.

Poti zingwe palibe, chogwira phazi ndi kadulidwe kokha. Lilime lifike pamwamba pa phazi, kumbuyo kukhale kolimba, kosapindika mukakanikiza ndi chala chachikulu. Suede imatanuka, choncho yomwe ikuvuka kuchidendene tsiku logula idzakhala patapata pakutha pa mwezi. Wogulitsa akamati mudzavala ndi sokosi ziwiri, bwezani. Yesani masana, phazi litatupa ndi kuyenda.

Pa mtundu ndimakangana ndi anzanga. Iwo amakonda yakuda, ati ndi yaulemu. Koma kuyambira Ogasiti fumbi limaonekera pa yakuda musanafike ndi pamsewu pomwe. Ndinaona paphwando la ukwati ku Castle Hotel mnyamata wina akupukuta yake ndi mpango, fumbi likungolowerera. Yofiirira imabisa zimenezo.

Polishi musayerekeze, amamata tiubweya tija nsapato n'kukhala yamawangamawanga. Bulashi youma yakwana, ngakhale mswachi wakale. Ikanyowa, ikani nyuzipepala mkati iumire pamthunzi, osati pambali pa mbaula, pomwe chikopa chimauma gwa.

Ndipo ngakhale ikhale yabwino bwanji, ndi nsapato ya chilimwe. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ikhale m'katoni. Amene ndalama yake ikukwana peyala imodzi yokha chaka chino agule yachikopa wamba, yolola polishi.