Chibakera Chinagwera Mae

Mu 1945 Ann Petry anatulutsa nkhani yaifupi yotchedwa Like a Winding Sheet. Johnson, munthu wakuda wa ku Harlem, anatukwanidwa khungu lake ndi kapitawo wake, mayi wachizungu. Anakunga chibakera koma anaugwira mtima: iye samenya munthu wamkazi. Atafika kunyumba, mkazi wake Mae anangomuseleula pang'ono, chibakera chija n'kumugwera.

Ambirife timamumvera chisoni Johnson. Ine ndimakayika. Tsankho ndilo linakoleza motowo, inde, koma bwanji lamulo lake losamenya mkazi linateteza mzungu yekha?

Kunonso alipo. Bwana akawanyoza ku Limbe, bambo amatsika minibasi ku Manja ali duu. Tsiku la Sabata amakhala kutsogolo m'tchalitchi, mayi atakokera duku kumaso kubisa chotupa.