Mtengwa wa kutsidya kwa nyanja

Mabuku a nkhani zopeka onena za akazi a ku India amene amatsatira amuna awo kumaiko achilendo amazungulira pa nkhani imene Achewa amaidziwa kale ndi dzina lakuti chitengwa, ndiko kuti mwambo woti mkazi asiye mudzi wakwawo n'kukakhala kuchimuna, kungoti mtengwa wa m'mabukuwa waoloka nyanja ndipo zinthu zikathina alibe amalume oti akawadandaulire. M'buku la Bharati Mukherjee lotchedwa Wife, lomwe linatuluka mu 1975, mkazi wotchedwa Dimple amabindikira m'nyumba ku New York maso ali pa wailesi yakanema mpaka mutu kusokonekera, ndipo pamapeto pake amapha mwamuna wake. Jhumpa Lahiri, m'nkhani yake ya Mrs. Sen's ya mu 1999, anasankha njira yofatsa ndipo mwina n'chifukwa chake imaluma kwambiri: mayi Sen amayala nyuzipepala pansi n'kumadula ndiwo zamasamba ndi chimpeni chokhota chimene anabwera nacho kuchokera kwawo, ntchito imene ku India ankaigwira pamodzi ndi amayi anzake akucheza, ndipo tsiku limene adziyendetsera okha galimoto kukagula nsomba amachita ngozi.

Woŵerenga amene akukhala ku Ekurhuleni, mzinda umene unapangidwa mu 2000 pophatikiza Benoni, Germiston, Springs, Boksburg, Kempton Park ndi matauni ena a kum'maŵa kwa Johannesburg, angaone kuti chithunzi cha ku America chimenechi sichikwanira kumeneko. Mkazi wa m'buku la Mukherjee amasungulumwa chifukwa akwawo ndi ochepa, pamene ku South Africa boma lenilenilo ndi limene linkaika malire pa banja la Amwenye. Mu 1913 woŵeruza Searle anagamula kuti maukwati omangidwa mwa Chisilamu kapena Chihindu sadziŵika ndi lamulo, chigamulo chimene chinachititsa Kasturba Gandhi ndi amayi ena kuchita zionetsero mpaka kumangidwa, ndipo mu 1953 boma la tsankho linatseka khomo loti Amwenye azibweretsa akazi kuchokera ku India. Lamulo la Group Areas Act la mu 1950, logaŵa malo okhala potengera khungu, ndi limene linasonkhanitsa Amwenye a chigawochi m'madera monga Actonville ku Benoni, moyandikana ndi Wattville wa anthu akuda. Mtengwa wofika kumalo otere ankapeza mzikiti, kachisi ndi zokometsera zakudya zonse zakwawo, komabe khitchini inali ya apongozi, ndalama zinali za sitolo, ndipo aliyense woti angamuuze zakukhosi anali m'bale wa mwamuna wake.

Shamim Sarif anaifika pafupi nkhaniyi m'buku la The World Unseen la mu 2001, mmene Miriam, mkazi wochokera ku Bombay, amasunga sitolo ya mwamuna wake kumalo akutali ndi tauni m'zaka za m'ma 1950.

Chiyambire 1994 kwabwera gulu latsopano kuchokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, lotsikira pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Kempton Park, ndipo mkazi woperekeza mwamuna nthaŵi zambiri amakhala ndi chiphaso chosamulola kugwira ntchito. Chimene olemba sachiona bwino ndi munthu wachiŵiri m'nyumbamo, wantchito amene nthaŵi zina amakhala Mmalaŵi wa ku Mangochi kapena ku Mzimba wobwera ku Joni kudzasaka ganyu. Mayi ameneyu, yemwe mwina nayenso anatsatira mwamuna ndipo ana anawasiya kwa agogo awo, ndiye amakhala ndi adona tsiku lonse kuseri kwa geti lokhoma, akukanda ufa wa chapati ndi kuchapa, aŵiriwo akumvana ndi Chingerezi chothyokathyoka, ndipo madzulo aliyense amatenga foni yake kuimbira kwawo pa WhatsApp, wina pabalaza, wina m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba.