Dooko la ku Yofu Nalonso N'cholowa

Mlendo akatsika m'sitima ya Ilala pa Likoma, timafulumira kumuonetsa tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Chipyela, chimene makolo athu anayamba kumanga mu 1903, ndipo potero sitilakwa. Koma ine ndinena kuti kumpoto kwa chilumbachi, ku Yofu, kuli cholowa china chimene sitichiwerengera konse, ngakhale kuti mwambo wake amishoni a UMCA anaupeza pofika kuno mu 1885, ndicho dooko la amayi.

Popeza dziko lathu ndi la miyala ndi milambe, losowa mitsinje, nyanja ndiyo yakhala chitsime chathu ndi mochapira mwathu. Pitani m'mamawa, asodzi a usipa atangokocheza ngalawa, mukaone thanthwe limene lasalala chifukwa cha nsalu zimene mibadwo ya amayi yamenyapo. Mukaone mtsikana akukwecha mphika ndi mchenga kufikira mwaye wonse utachoka, zitenje zitayanikidwa pamiyala, ndi mwamuna wolemekezeka akulambalala patali, pakuti adziwa kuti malowo sali ake. Pamenepo mpamene uthenga wa maliro umafalira, mpamene mkamwini waulesi amaweruzidwa, mpamenenso namwali amamva mawu amene amake sakanamuuza pakhomo. Ngakhale m'Malembo, Rebeka anapezedwa pachitsime, ndipo Ambuye analankhula ndi mkazi wa ku Samariya pachitsime cha Yakobo.

Asandimve molakwa owerenga. Amene anaona kolera wa mu 2022 ndi 2023, kapena mwana wodwala likodzo, sanganyoze mpopi, ndipo ine ndikhumba madzi abwino pakhomo lililonse. Chondiwawa mtima n'chakuti magombe a nyanja yathu akugulidwa pang'onopang'ono ndi omanga malo ogona alendo, ndipo mpanda ukangoima, njira imene agogo anayenda atasenza mtsuko imatsekeka popanda mlandu. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Chifukwa chake ndipempha mafumu athu pamodzi ndi Khonsolo ya Likoma kuti, agogo odziwa malire akali moyo, ayende nawo gombe lonse la Yofu, alembe dooko lililonse ndi chitsime chilichonse chakale ndi dzina lake, nalamule poyera kuti malowo ndi njira zake n'za mudzi wonse, zosagulitsidwa kwa munthu aliyense.