Galimoto Yogona M'galaja Nayonso Imakalamba

Milandu yambiri ya pakati pa eni galimoto ndi makampani ozipanga imayambira pa mau ochepa amene anthu amaŵalumpha poŵerenga buku la malangizo. Bukulo limati oyilo wa mu injini asinthidwe galimoto ikayenda mtunda wakutiwakuti kapena chaka chikatha, malingana ndi chimene chayamba kukwana. Woŵerenga amagwira za mtundazo, za chakazo n'kuzitaya. Kwa woyendetsa minibasi kapena lole palibe chovuta, pakuti mtunda umakwana miyezi isanapite patali. Koma pali galimoto zina zaliŵiro, zodula kwambiri, zimene eni ake amaziyendetsa pa Sabata pokha dzuŵa likaŵala, ndipo kwa iwo mau otayidwa aja ndiwo ali ndi mano.

Titenge chitsanzo cha Chevrolet Corvette, galimoto ya anthu aŵiri imene kampani ya General Motors idayamba kupanga mu 1953 ku America. Kuyambira mu 1981 imapangidwira ku Bowling Green, m'chigawo cha Kentucky. Ya mu 2020 idatuluka ndi injini ya masilinda 8, ya malita 6.2, yoikidwa kumbuyo kwa dalaivala. Wogula ankalandira waranti, ndiye kuti lonjezo lolembedwa lakuti kampani idzakonza mwaulere chilichonse chimene chidalakwika popanga. Lonjezo la galimoto yonse lidali la zaka 3 kapena mamailosi 36,000, pamene la injini ndi magiya lidali la zaka 5 kapena mamailosi 60,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 96,500. Galimotoyo ili ndi kachipangizo koŵerengera mmene oyilo watopera potsata kutentha kwa injini ndi kazunguliridwe kake. Komabe buku lake limaonjeza kuti oyilo ndi sefa yake zisinthidwe kamodzi pachaka, ngakhale mtunda ukhale wochepa bwanji.

Tsono kumpoto kwa America chisanu chimatenga miyezi ingapo, ndipo m'miseu amathira mchere wosungunulira chipale, mchere umene umadya chitsulo. Eni galimoto zotere amazifunditsa nsalu m'galaja kufikira nyengo itafunda. Chaka chimatha galimoto itangoyenda mamailosi chikwi chimodzi kapena ziŵiri. Mwini wake amasolola kachitsulo koyezera oyilo, naona kuti akali woyera ngati uchi, ndipo amadzifunsa kuti, "Kodi nditayirenji oyilo wabwino chonchi? Si njira yongondidyera ndalama imeneyi?"

Funsoli si lopusa, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Amene adaphunzira sayansi kusekondale adzakumbuka kuti petulo akapsa amabala mpweya woipa ndi madzi. Lita imodzi ya petulo imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri mwa madziwo amatuluka ngati nthunzi ku ekizozi, koma pang'ono amazemba m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira mu oyilo, pamodzi ndi petulo wosapsa bwino. Injini ikakhala yozizira zimenezi zimachuluka. Madziwo amachoka pokhapokha oyilo atatentha kufika pafupi ndi madigiri 100 n'kukhala choncho kwa kanthaŵi ndithu, zimene zimachitika pa ulendo wautali. Akatsalira, amasakanikirana ndi zotsala za utsi n'kupanga asidi ndi chiphalaphala chonga matope. M'oyilo muli mankhwala olimbana ndi asidiyo, koma nawonso amatha. Zonsezi diso silingazione pa kachitsulo koyezera kaja.

Apa m'pamene ambiri amadzipweteka poganiza kuti akuchita zabwino. Mlungu uliwonse amaloŵa m'galaja, kuliza injini mphindi zisanu "kuti isagone", kenaka n'kuithimitsa. Mphindi zisanu n'zokwanira kuthira madzi mu oyilo, koma sizikwanira kuŵachotsa. Kuli bwino kuisiya osaikhudza, batire italumikizidwa ku kachipangizo koisunga ndi moto, kapena apo ayi kuitulutsa n'kuiyendetsa theka la ola kapena kupitirira mpaka chilichonse chitatentha. Ndipo ngati oyilo asinthidwa kamodzi pachaka, nthaŵi yabwino ndi pamene galimoto ikukagona, kuti isagone miyezi isanu ndi asidi m'mimba.

Tivomerezenso mbali inayo. Oyilo wamakono wopangidwa m'mafakitale, akangokhala phee mu injini yosalizidwa, amakalamba pang'onopang'ono zedi. Ku America kuli malabotale amene munthu amatumizako kabotolo ka oyilo wake kuti amuyeze, ndipo kaŵirikaŵiri oyilo wa chaka chimodzi woyenda mtunda wochepa amapezeka kuti akali ndi mphamvu. Choncho amene amati lamulo la chaka chimodzi lidaikidwa mosamalitsa mopitirira ali ndi mfundo. Kampani sidziŵa ngati mwini galimoto amayenda maulendo aatali kapena amangoliza injini m'galaja, motero imaika muyeso umodzi woteteza onse, ndi wodziteteza yokhanso.

Koma waranti si mtsutso wa sayansi. Ndi pangano, ndipo pangano lili ndi mbali ziŵiri. Kampani idalonjeza kukonza zolakwika zake, wogula nayenso adavomera kusamala galimoto monga buku linenera. Tsiku limene injini idzalira mokhotakhota n'kuima, a kugalaja ya kampani sadzayamba n'kufunsa ngati oyilo adali woyera. Adzafunsa kuti adasinthidwa liti, ndipo umboni uli kuti. Pepala la kulabotale lingathandize pokangana, koma sililoŵa m'malo mwa lisiti. Mtengo wa malita angapo a oyilo ndi sefa imodzi n'kanthu kakang'ono poyerekeza ndi mtengo wa injini yatsopano. Walira mvula walira matope: munthu amene adakwanitsa kugula galimoto yotere sangadandaule za sevesi imodzi pachaka.

Ena amaopa kupitirira muyeso, namaganiza kuti akangosinthira oyilo kwa makaniko wamba, kapena kudzisinthira okha pakhomo, ndiye kuti waranti yafa. Ku America si choncho. Mu 1975 Pulezidenti Gerald Ford adasainira lamulo lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act, lomwe lidatenga maina a aphungu aŵiri, Warren Magnuson ndi John Moss. Lamulolo limaletsa kampani kuumiriza wogula kugwiritsa ntchito zipangizo zake zokha kapena galaja yake yokha kuti waranti ipitirire, pokhapokha ngati ikupereka zimenezo mwaulere. Kuti ikane kukonza, kampani iyenera kuonetsa kuti chipangizo chachilendocho kapena ntchito ya makanikoyo ndiyo idaononga. Ndiponso kuchedwa kusintha oyilo sikuchotsa lonjezo pa wailesi kapena pa mawindo, popeza n'zosakhudzana. Chimene lamulolo silichita ndicho kuteteza munthu wonyalanyaza. Injini ikafa chifukwa chosoŵa chisamaliro, mwini wake alipira yekha. Wodzisinthira yekha oyilo agule wa mtundu umene buku latchula, asunge malisiti a oyiloyo ndi sefa, ndipo alembe m'kabuku tsiku ndi mtunda umene galimoto idali itayenda.

Kampani ya Ferrari ya ku Italy, podziŵa bwino khalidwe la makasitomala ake, idayamba mu 2011 kupereka sevesi yaulere ya zaka 7 pa galimoto zake zatsopano, kamodzi pachaka kapena pa makilomita 20,000 aliwonse. Ndi ochepa mwa eni galimoto zimenezo amene amayenda mtunda wotere pachaka, kotero kuti chimene chimaŵabweretsa kugalaja ndi kalendala.

Kalendala yomweyo imadyanso waranti. Zaka 3 zija zimatha ngakhale galimoto ikhale pansi pa nsalu. Chilema cha kufakitale nthaŵi zambiri chimaonekera poyenda, ndipo galimoto imene yangoyenda mamailosi 4,000 m'zaka 3 ingathe kudzaonetsa chilema chake lonjezo litatha kale. Mwini wake adalipira chitetezo chimene sadachipatse mpata wogwira ntchito. Ife tikuti nthaŵi yoyendetsa galimoto yotere kwambiri ndi pamene ili yatsopano. Lonjezo likatha, amene afuna kutalikitsa nthaŵi yosinthira oyilo potsata zoyeza za kulabotale angatero, pakuti ngozi ndi yake ndipo palibenso pangano loti aliswe.

Corvette kuno kwathu n'njosoŵa, ndipo galimoto zambiri za m'miseu ya Malaŵi zimachokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, zopanda waranti ya wozipanga. Koma wogula amene amakondwa poona makilomita ochepa pa wotchi ya galimoto ya zaka khumi akumbuke kuti makilomita ochepawo angakhale a timaulendo tatifupi ta m'tauni, tomwe tija todzaza madzi mu oyilo. Isanayambe kuyenda ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Nsanje, oyilo wakeyo akhuthulidwe ndipo sefa isinthidwe. Chimodzimodzinso galimoto ya sukulu imene imagona tchuthi chonse, ndi jenereta imene imalizidwa magetsi akathima: pa kabuku kake palembedwe mwezi umene oyilo adathiridwa, osati mtunda kapena maola okha.