Chiwongolero chikamanjenjemera tisanamizire msewu

Aliyense amene anakhalapo pampando wakutsogolo m'minibasi ya pakati pa Ntcheu ndi Dedza nkhani iyi akuidziwa. Galimoto imanyamuka bwinobwino, koma ikangofika liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola, chiwongolero chimayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Manja a dalaivala nawo amagwedera mpaka m'zigongono. Wina akalimba mtima n'kufunsa, yankho limakhala lokonzeratu: "Ndi msewuwu bwana." Ena amati galimotoyo ndi mmene ilili basi.

Kunena zoona, mayankho onsewa ndi ongothawira. Msewu woipa umagwedeza galimoto pamalo oipapo, ndipo phula losalala likayamba kugwederako kumatha. Koma kunjenjemera kobwera pa liwiro lomwelomwelo tsiku ndi tsiku kumachokera m'galimoto momwemo, kawirikawiri kumatayala akutsogolo.

Tayala la minibasi likazungulira kamodzi limayenda mtunda wa pafupifupi mamita awiri. Choncho pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira pafupifupi maulendo 14 pa sekondi imodzi. Mbali ina ya tayalalo ikalemerako kuposa inzake, ngakhale ndi magalamu 30 okha, omwe ndi ngati theka la dzira, kulemerako kumakoka tayala uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokokayo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake galimoto yoyenda mwaulemu pamsika imasanduka ina ikalowa mumsewu waukulu.

Mankhwala ake ndi wheel balancing. Tayala amalizunguza pamakina omwe amaonetsa mbali yopepuka, ndipo amamatapo tizitsulo ting'onoting'ono m'mphepete mwa rimu. Tizitsuloti timathothoka galimoto ikamenya dzenje. Komanso tayala likaphwa n'kukamatitsa pansi pa mtengo, amalivula parimu n'kulibwezeretsa mosiyana ndi mmene linakhalira poyamba. Anyamata omata matayalawo alibe mlandu, makinawo alibe. Udindo ndi wa mwini galimoto kukamalizitsa ntchitoyo akafika komwe kuli makina. Nyengo ya mvula, ngakhale matope ouma amene akakamira m'kati mwa rimu amatha kuyambitsa vuto lomweli, ndipo mtengo wake ndi ndowa ya madzi basi.

Chomvetsa chisoni ndi nzeru imene madalaivala ena amaphunzitsana, yoti chiwongolero chikayamba kunjenjemera ungopondanso mafuta, chisiya chokha. N'zoona nthawi zina chimasiyadi. Pali liwiro lina limene kugunda kwa tayala kumagwirizana ndi kudumpha kwa masipuling'i, ndipo apo ndi pamene kugwedera kumamveka kwambiri. Galimoto ikapitirira liwiro limenelo manja amapumulako, koma tayala lija likukokabe, mwamphamvu kuposa kale. Dalaivala wotere sanachize kanthu. Wangothamangitsa anthu pa tayala lomwe sakudziwa vuto lake.

Ndipo si nthawi zonse pamene vuto limakhala la tizitsulo tija. M'kati mwa tayala muli mawaya omwe amaligwira kuti likhale lozungulira bwino. Mawayawa akalekana ndi labala, tayala limatupa mbali imodzi kapena kupindika, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala chomwechi, kunjenjemera. Tayala lotere silichedwa kuphulika, makamaka pa phula lotentha la mu Okutobala galimoto italemedwa ndi anthu komanso matumba. Likaphulika lakutsogolo pa liwiro lalikulu, ngakhale dalaivala waluso zimamuvuta kuigwira.

Apa m'pofunika kunenapo za matayala akaunjika, omwe ambiri amagula poona mtengo ndi mapanda okha. Tayala limakalamba ngakhale mapanda akuoneka. M'mbali mwake muli zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Wogula woti sanaone nambalayi wagula chinthu chosachidziwa.

Galimoto imanena yokha pamene pakupweteka, bola woyendetsa atchere khutu. Kunjenjemera kobwera pokhapokha dalaivala akaponda mabuleki, makamaka potsika phiri, kumaloza kumadisiki a mabuleki akutsogolo omwe adyeka mosafanana. Kukamamvekera kwambiri pampando ndi pansi pa mapazi kusiyana ndi pachiwongolero, akayang'ane matayala akumbuyo kapena propshaft. Njira yosalira ndalama yotsimikizira ndi kusinthanitsa matayala, akutsogolo apite kumbuyo. Kugwedera kukachoka m'manja n'kupita kumpando, wolakwa wapezeka. Kukatsalirabe, makaniko akweze galimoto pajeke n'kugwedeza tayala ndi manja, kumanja ndi kumanzere kenaka m'mwamba ndi pansi. Likamaseweraseweza kapena kugogoda, ndiye kuti tie rod, ball joint kapena beringi yatha. Zitsulo zimenezi ndizo zimagwira tayala ndi kulilumikiza ku chiwongolero, si zoti n'kudikira nazo kutha kwa mwezi.

Koma zonsezi zisanachitike, sipanala iyambe yayendera manati. Tayala lomangidwa mothamanga pasiteji limatha kumasuka pang'onopang'ono, ndipo limayamba lagwedera lisanachoke.

Eni galimoto ambiri amataya ndalama chifukwa choyambira kumapeto. Munthu akangotchula kunjenjemera, ena amathamangira kumuuza kuti apangitse alignment kapena agule mashokabu atsopano. Alignment ndi yofunika, koma ntchito yake ndi ina. Imathandiza galimoto yokokera mbali imodzi kapena yodya matayala m'mphepete. Payokha siichotsa kugwedera kwa tayala lolemera mbali imodzi, lotupa, kapena rimu yopindika. Makaniko amene watchula mtengo asanayendetseko galimoto, asanayang'ane n'komwe matayala, akulosera, ndipo wolipira zolosera zakezo ndi mwini galimoto.

Pa minibasi mlandu waukulu uli kwa mabwana. Dalaivala amene akufunika kupereka ndalama yoikika madzulo aliwonse sangaimitse galimoto theka la tsiku kuti akaipimitse, poti ndalama ya maola amenewo ituluka m'thumba mwake. Ndiye amangogwira chiwongolero mwamphamvu n'kumapita. Bwana amene amawerenga ndalama usiku uliwonse koma sanakhalepo pampando wakutsogolo wa minibasi yake kwa mwezi wathunthu sakuidziwa galimoto yakeyo.

Okwera nawonso ali ndi pakamwa. Mayi wochokera kukapikula tomato pa Lizulu, amene wakhala kutsogolo n'kumaona manja a dalaivala akuvina, sakufunika kudziwa za ball joint kuti ayankhule. Akhoza kupempha mwaulemu kuti achimwene achepetse liwiro mpaka kugwederako kusiye, ndipo anzake a kumbuyo ayenera kumuthandiza m'malo momuseka kuti ndi wamantha. Dalaivala akakana, pasiteji yotsatira pamaima minibasi zina.