Alendo 15 miliyoni a ku Joni anawawerenga ndani?

Nambala ija yayambanso kuzungulira pa WhatsApp: akuti ku South Africa kuli alendo 15 miliyoni opanda mapepala. Wina watumiza, wina wathirira ndemanga, wachitatu wayamba kale kudandaulira abale athu amene ali ku Joni. Funso limene limamusowetsa tulo mlembi wa danga lino palibe amene walifunsa: anthu amenewa anawawerenga ndani, ndipo anawawerenga bwanji?

Nambalayi inatchuka mu 2020 kuchokera kwa Herman Mashaba, yemwe adakhalapo meya wa Johannesburg. A bungwe la Africa Check ataitsata komwe inachokera, anapeza kuti inali ya World Bank, ndipo inkanena za anthu opanda chiphaso cha unzika m'dzikomo, kuphatikizapo eni nthaka obadwira konko. Nkhani ya ziphaso inasanduka nkhani ya alendo, basi n'kuyamba ulendo.

Matendawa ndi akale, ndipo apa mpamene mlembiyu mtima umamuwawa, chifukwa anawayambitsa ndi anthu ophunzira. Cha m'ma 1994 ndi 1995, bungwe la kafukufuku la boma la Human Sciences Research Council linafuna kudziwa kuchuluka kwa olowa m'dzikomo mozemba. Linatumiza anthu m'makomo kukafunsa eni nyumba kuti ndi angati amene akukhala pamalopo omwe si nzika. Mayankhowo anawachulukitsa kuti aimire dziko lonse, n'kuchotsapo alendo amene boma linkawadziwa. Otsalawo, pakati pa 2.5 miliyoni ndi 4.1 miliyoni, anati ndiwo ozemba.

Taganizani mayi wa ku Soweto ataima pakhomo, wofunsa ali ndi pepala m'manja. Kuseri kwa nyumba kuli kachipinda komwe akuchita lendi mnyamata wakuda kwambiri, wolankhula Chizulu mopotoka. Mayiyo sanaonepo chiphaso chake. Kodi ndi wa ku Mozambique, kapena ndi Mshangani wa ku Giyani, nzika yeniyeni? Mayiyo angoyankha mwa maganizo ake, yankho lija n'kulowa mu kompyuta ngati choona. Akuluakulu adati kandimverere anakanena zam'maluwa, ndipo kafukufuku ameneyu anali kandimverere wovala tayi. Zotsatira zake zinkasintha ndi mamiliyoni pakangopita miyezi. Jonathan Crush ndi anzake a Southern African Migration Project anazitsutsa poyera, mpaka bungwelo linadzaikana lokha nambala yake. Koma inali itakhazikika kale m'kamwa mwa nduna ndi m'manyuzipepala.

Tonse tikudziwa kuti kuwerenga munthu amene akubisala n'kovuta. Ngakhale kalembera wa 2022, amene anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, a ku Malawi ali pafupifupi 200,000, anaphonya makomo ambiri: Statistics South Africa inavomera yokha kuti pa anthu 100 aliwonse, oposa 30 sanawerengedwe poyamba, ndipo inachita kukonza ziwerengerozo. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amanena njira imene anatsata ndi pamene pakudontha, moti wina angathe kuwatsutsa. Wandale wa pamsonkhano sanena.

Nambala za obwezedwa kwawo nazo zimanamiza. Boma likalengeza kuti lathamangitsa anthu masauzande kudzera ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, limawerenga maulendo, osati anthu. Mnyamata wa ku Mangochi amene wabwezedwa mu Janyuwale, n'kugulitsa njinga, n'kukweranso basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, akagwidwanso mu Ogasiti ndiye kuti walembedwa kawiri. Nambala ikakwera, boma limati apolisi akugwira ntchito. Ikatsika, limati alendo achita mantha. Muyeso umene umamupatsa mwini wake chipambano mbali zonse si muyeso ayi.

Ndiye onani zimene nambala zotere zimabala. Mu Malichi 2020, Covid-19 itangofika, nduna Patricia de Lille inalamula kuti amange mpanda wa makilomita 40 ku Beitbridge, pa malire a South Africa ndi Zimbabwe, wa ndalama pafupifupi R37 miliyoni. Pasanathe milungu ingapo waya anali atadulidwa malo ambiri, wina atabedwa, ndipo nkhani inathera m'manja mwa ofufuza za katangale a Special Investigating Unit. Akadafunsa kaye kuti anthu amalowa bwanji, akadamva zimene aliyense wokwera basi ya ku Joni akudziwa: Amalawi ochuluka sawoloka mtsinje wa Limpopo usiku. Amadutsa pageti masana, pasipoti m'manja, amadindiridwa masiku 30, kenako masikuwo n'kutha iwo ali pa ganyu. Mpanda ungamuletse bwanji munthu wolowera pakhomo?

Dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndipo mlembiyu sakutsutsa zimenezo. Chimene akukana ndi kulondera ndi nambala zopeka, chifukwa zikatsikira m'makwalala zimakhetsa mwazi. Ziwawa zimene zinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 zinapha anthu 62. Mwa iwo, 21 anali nzika za South Africa, ndipo zina mwa izo anzawo anangoziyang'ana nkhope n'kugamula kuti ndi alendo.