Chithunzi cha Fractal Nchiti?

Mlandu umene wakhala ukugawanitsa amisiri ojambula ndi kompyuta kwa zaka zoposa makumi awiri umaoneka wachabe kwa munthu wongodutsa. Nkhani yake ndi yakuti chithunzi chikhale chotani kuti chiloledwe pa khoma la fractal m'nyumba zoonetsera zaluso za pa intaneti. Komatu pamene pali mipikisano, mphoto ndi ogula, funso lotere silichepa.

Liwu lakuti fractal analipeka ndi katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot m'chaka cha 1975, ali pa ntchito ku kampani ya IBM ku America. Iye ankanena za maonekedwe amene kachigawo kake kafanana ndi chinthu chonsecho, monga nthambi ifanana ndi mtengo, kanthambi nakonso kafanana ndi nthambi. Chithunzi chotchuka chodziwika ndi dzina lake chimachokera m'lamulo lalifupi zedi: nambala ichulukitsidwe ndi iyo yomwe, pawonjezedwe nambala ina yoikika, ndipo yankho libwezedwe m'lamulo lomwelo kambirimbiri. Kadontho kalikonse pachithunzipo kali ndi nambala yake yoikika. Mayankho akamakula osalekeza, kadonthoko kapatsidwa mtundu malinga ndi liwiro la kukulako. Akapanda kutero, kawirikawiri kasiyidwa kakuda.

Pamene pulogalamu yaulere ya Fractint inatuluka mu 1988, panalibe chokanganirana kwenikweni, pakuti chimene lamulo labala ndicho chinkaoneka. Zinthu zinayamba kusintha Scott Draves atatulukira njira yake ya malawi mu 1992, ndipo makamaka mu 1999 pamene Ultra Fractal ya Frederik Slijkerman inalola mmisiri kusanjikiza zithunzi zingapo nkupanga chimodzi. Ena anapitirira apo. Anatengera ntchito zawo ku Photoshop, nazidula, naziwonjezera nkhope, mitambo ndi maluwa. Nyumba ya DeviantArt, imene inatsegulidwa mu 2000, inayesa kuthetsa phokosolo pogawa khoma: kwina fractal zosakhudzidwa, kwina zokonzedwanso.

Pali gulu limene limati fractal yeniyeni ndi yosakhudzidwa yokhayo. Gulu limeneli likulakwa, ndipo kulakwa kwake nkosavuta kuonetsa. Nambala ilibe mtundu. Kufiira ndi kubiriwira kumene woonera amachita nako kaso anakusankha ndi munthu, ndipo ndi munthu yemweyo amene anakhala usiku wonse akukulitsa kachigawo kamodzi mpaka atapeza malo oyenera kuimapo. Chotero palibe fractal imene dzanja silinaikhudze. Kerry Mitchell, m'chikalata chake cha 1999 choteteza lusoli, anatsindika mfundo yomweyi, yakuti kompyuta payokha sibala chithunzi chabwino popanda nzeru ndi thukuta la mwini wake. Woletsa kukonza mitundu pambuyo, chonsecho akulola kuisankha poyamba, ali ngati woletsa mmisiri wa ziboliboli kupaka mafuta mtengo umene wamulola kusema.

Koma nawonso ofuna kutsegula chitseko kwa aliyense sakuganiza bwino. Nzoona kuti maonekedwe obwerezabwereza ali ponseponse. Ron Eglash, m'buku lake la African Fractals la 1999, anaonetsa kuti midzi ya anthu a Ba-ila kum'mwera kwa Zambia inkamangidwa mozungulira, khomo lililonse ndi khola lake likubwereza maonekedwe a mudzi wonse, ndipo bwalo la mfumu linali kamudzi m'kati mwa mudzi. M'chaka chomwecho Richard Taylor ndi anzake ananena kuti apeza maonekedwe otere m'zojambula za Jackson Pollock, ngakhale akatswiri ena anawatsutsa pambuyo pake. Zonsezi nzofunika kuziphunzira, koma wojambula mudzi kapena tsamba la mtengo ndi kamera wachita luso lina, ndipo lili ndi khoma lake.

Vuto lalikulu lafika ndi makina opanga zithunzi pongouzidwa mawu, amene anafala mu 2022, chaka chimene DeviantArt yomwe inakhazikitsa makina ake otchedwa DreamUp. Munthu alemba mawu ochepa, ndipo m'kamphindi alandira chithunzi chopotanapotana chokhala ngati fractal. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chotere chatengera khungu la ntchito za ena, koma pansi pake palibe lamulo. Fractal yeniyeni, mwini wake akabwerera kupulogalamu nakulitsa kachigawo kake, imatulutsa maonekedwe atsopano mosalekeza. Chotsanzira chija chikakulitsidwa chimangosanduka chimbuuzi.

Oyang'anira nyumbazi akadachita bwino kuleka kuwerenga kuti dzanja lakhudza kangati, ndi kufunsa kumene mafupa a chithunzi achokera. Ngati achokera m'lamulo lobwerezabwereza, chithunzicho chilowe, kaya chakonzedwanso kaya ayi, bola mwini wake anene poyera zimene wachita. Umboni wake sulinso wovuta, pakuti mapulogalamu amenewa amasunga manambala a chithunzi chilichonse m'kafayilo kakang'ono kamene wina angathe kukatsegula napeza chithunzi chomwecho. Alipo amisiri amene amakana kugawa manambala awo poopa akuba, ndipo mantha awo ngomveka. Amenewa safunika kuwaonetsa dziko lonse. Oweruza awiri kapena atatu a mpikisano akwanira.